300 yake itiyo?

Ndakwiya ine, ndipo pasapezeke wondiuza kuti mtima pansi.

Loweruka lapitali ndinali pa chinkhoswe ku Namwera, ntchito ya tsiku lonse, nditanyamula lenzi ya kamera yomwe msuweni wanga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg mwezi watha. Pathupi pake analembapo 18-300mm, zilembo zoyera mbee, kutanthauza kuti imazuma kuchoka pa mamilimita 18 mpaka 300, ndipo nambala ikamakula chinthu chimaoneka chachikulu pa chithunzi. Mtengo wake sindinena mungandiseke. Itakwana nthawi yovekana mphete ankhoswe anati ojambula musayandikire mukutchinga anthu, ndiye ndinaima mamita awiri kuchokera pomwe panali akwatiwo, ndapotokola zumu mpaka yagunda kumapeto pa 300 kuti mphete ija idzaze chithunzi chonse. Pambali panga panaima mdala wina wojambula wakalekale, kamera yake ngati yanga yomwe, koma lenzi yake yosazuma ya 200 basi, yoti penti inasupuka kale m'mbali monse. Titamaliza tikuonetsana pa sikirini, abale inu, mphete ya mdala uja yaikulu kuposa yanga. 200 kuposa 300! Mdalayo anangoseka n'kuti mwana wanga, wagula nambala iwe. Manyazi ake ndinasowa poyang'ana.

Ndipo aliyense amene akufuna kuyamba zija za crop, zoti pa kamera ina nambala ya lenzi umaichulukitsa ndi 1.5 pa ina ndi 1.6, angokhala kaye chete. Ndanena kale kuti makamera anali ofanana. Malo oima amodzi, mphete imodzi yomweyo. Chosiyana ndi lenzi basi.

Mawa lake sindinapite ndi kutchalitchi komwe, ndinapita pa mlatho wa Shire paja pa boma kukaiyesa. Kuloza mabwato a asodzi ali kutali uko, ikukoka bwinobwino, 300 ilipo. Kubwera kunyumba, kuika botolo la thobwa patebulo, kuima mamita awiri, 300 ija yathawa, botolo likuoneka ngati ndajambula ndi lenzi ya 170 kaya 180. Kusendera pafupi ndiye ikuchepera chepera. Ndiye kuti ndinagula 300 ya asodzi a kutali, ya mphete ayi. Nanga ine ndimadyera asodzi? Ndalama yanga ili pa nkhope za anthu, pa mphete, pa keke, pa mwana wobadwa kumene, zinthu zapafupi zonsezo, ndipo pomwe ndimaifunira lenziyo ndi pomwe imanama.

Akuti nambala imeneyi amayeza fokasi ili kutali kwenikweni, paja pali kachizindikiro kangati 8 wogona, ndiye ukafokasa pafupi magalasi a m'kati amasuntha ndipo mamilimita amatsika, kuwonjezera apo 290 amangoilemba 300 kuti imveke bwino. Chabwino. Nanga bwanji osalemba zimenezo pa bokosi? Malo alipo ambirimbiri pa bokosi paja, amakwanitsa kulembapo zilankhulo zisanu ndi chimodzi koma mzere umodzi woti pafupi lenzi iyi siifika 300 ukuwakanika?

Kumsika kuno timawadziwa anthu ogulitsa usipa ndi kandowa koti anakamenya kunsi kuti kalowe m'kati. Kunja kakuoneka ka malita 5, ukafika kunyumba kuthira m'beseni usipa wake wosakwana. Munthu ameneyo timamutcha wakuba, sitinena kuti ndi sayansi. Ndiye awa opanga malenziwa tiwatche chiyani? Ndowa yomenya kunsi ndi yomweyo, kungoti iyi yabwera pa ndege ili ndi katoni yokongola. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ndipo musaganize kuti ndi zotchipa zokha, eti chifukwa yanga ndi ya kaunjika. Ija ya Nikon ya 70-200 f/2.8 yomwe inatuluka mu 2009, lenzi yoti ambiri a ife timangoiona pa zithunzi, imadziwika dziko lonse kuti ukaiyandikiza mpaka pothera pake, mamita 1.4, 200 yake imakhala ngati 135. Ya mabwana imeneyo. Ndiye ife a 18-300 tilire kwa ndani?

Ine sindikukana kuti lenzi imodzi kuchoka pa 18 mpaka kukoka kutali chonchija ndi luso, shuwa ndi luso, ndipo nkhwazi ku Cape Maclear ndidzajambula nayo bwino. Koma lembani zoona basi. Ngati ndi 300 kutali, 180 pafupi, lembani choncho, nambala ziwiri, wogula asankhe yekha maso ali poyera. Munthu amagulitsa mbuzi, amadikira miyezi itatu katundu abwere pa basi, amalipira kasitomu pa boda, zonsezo akudalira nambala yomwe yalembedwa pa chitsulo. Nambalayo ikhale yoona paliponse, apo ayi nenani pomwe imathera. Sindikupempha zambiri. 300 ikhale 300.

Komanso inu a mafoni olembedwa 100x kumbuyo mundisiye. Pa chinkhoswe chomwechi kamnyamata kena kanabwera kudzandionetsa kuti ankolo foni yangayi imakoka kuposa chikamera chanucho. Kuona chithunzi chake, nkhope ya mkwatibwi ngati phala la mgaiwa, maso osadziwika pomwe ali, chifukwa foniyo siikoka mpaka 100, kwambiri imangodula kachidutswa ka chithunzi n'kukakulitsa basi. Koma mwini chinkhoswe atamva zimenezo wayamba kale kundinenerera mtengo, akuti adule 20 sauzande poti zithunzi zina ajambula okha ana. Mpaka pano balansi yanga sanandipatse, foni sakuyankha.