Fodya wa ku Baku akadali pachala

Lachinayi lapitali ndinatseka butchala yanga ya ku Mtendere kwa theka la tsiku, n'kukwera basi kupita ku hotela ina ya m'tauni muno mu Lusaka, kumene anaitanira ife eni mabizinesi ang'onoang'ono kuti akatifotokozere zimene zinatuluka pa misonkhano ya mayiko yokambirana za kusintha kwa nyengo, komanso mwayi umene akuti misonkhanoyo yatitsegulira. Ndinalipira ndalama yolowera, ndinamata baji pachifuwa, ndinamwa tiyi wawo, ndipo kwa maola atatu ndinamvetsera bambo wina wa suti akuwerenga mabiliyoni a madola pakhoma ngati munthu wowerenga nkhuku za m'khola mwake. Itakwana nthawi ya mafunso ndinakweza dzanja n'kufunsa funso limodzi lokha, lakuti ine amene ndikufuna mapanelo a sola ndi mabatire oyendetsa mafiriji anayi magetsi akathima, ndikagogode pakhomo liti kuti ndilandireko kachigawo ka ndalama zimenezi. Bamboyo anamwetulira, nati, "Amayi, ndalama zilipo zambirimbiri, koma vuto ndi lakuti inu amalonda ang'onoang'ono simubweretsa mapulojekiti amene ali bankable." Liwu lachingerezilo amati limanena za pulojekiti imene banki ingavomere kuikongoza ndalama. Ena anaomba m'manja. Ine ndinakhala pansi mtima ukuwira, ndipo mpaka lero sunazizire.

Ndalama imene sinafike m'manja mwa munthu siyenera kutchedwa ndalama yake, ndipo wina asabwere kudzandiuza kuti ndine wolemera chifukwa cha manambala amene anthu anagwirizana usiku m'dziko lina. Makolo athu kummawa ananena kalekale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Fodya wa misonkhano imeneyi wakhala pachala zaka zoposa 15. Ku Copenhagen mu 2009 mayiko olemera analonjeza kuti pofika chaka cha 2020 azipereka madola 100 biliyoni chaka chilichonse kwa mayiko osauka. Chaka cha 2020 chinafika n'kudutsa, ndipo bungwe la OECD, limene ndi bungwe lawo lomwe la olemerawo, linanena kuti chiwerengerocho chinakwanira mu 2022, mochedwa ndi zaka ziwiri, ndiponso gawo lalikulu la ndalamazo linali ngongole zofunika kubweza. Pa msonkhano wa ku Baku, m'dziko la Azerbaijan, m'mwezi wa November 2024 mayiko athu anapempha madola 1.3 thiriliyoni pachaka, koma chimene olemera anavomera kutsogolera ndi madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035. Ku Belém, m'dziko la Brazil, chaka chotsatira anagwirizananso kuti ndalama zothandiza anthu kuzolowera nyengo yatsopanoyi zichulukitsidwe katatu, ndipo tsiku lake ndi lomwelo, 2035. Mwana wanga amene ali mu giredi 5 adzakhala atamera ndevu chaka chimenecho. Kodi nyama ya mufiriji yanga idikire mpaka 2035?

Ndikunena za nyama chifukwa ndinaitaya ndi manja angawa. Aliyense wa ife akukumbukira chilala cha 2024, pamene mvula inadula chimanga chili pofuna kumasula, mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lagwa m'tsoka, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga atapserera m'minda. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo popeza magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku madzi, pofika September chaka chimenecho tinkakhala mumdima mpaka maola 21 patsiku, mwinanso masiku angapo otsatizana osaona ngakhale babu likuphethira. M'mawa wina ndinatsegula chitseko cha shopu n'kuponda madzi ofiira amene anayenderera kuchokera pansi pa mafiriji kufika pakhomo. Fungo lokha linandiuza zonse ndisanatsegule chivundikiro. Theka la ng'ombe limene ndinali nditapikula ndi ndalama ya chilimba, nkhuku zimene mayi wina wa ku Chongwe anandipatsa kuti ndidzalipire ndikagulitsa, masoseji, zonse zinali zitasanduka zobiriwira m'mbali. Ine ndi mnyamata wanga wantchito tinazinyamula pa wilibala, ndipo ntchentche zinatiperekeza mpaka kudzala. Madzulo ake ndinagula jenereta yogwirapo kale ntchito, ndipo kuyambira tsiku limenelo phindu langa lonse linkathera m'chigubu cha petulo.

Si ine ndekha. Mnansi wanga wowotcherera mageti ndi mafelemu a zitseko ankagona masana ngati mlonda, n'kumadzuka pakati pa usiku magetsi akabwera kuti awotcherereko maola awiri kapena atatu, ndipo pamapeto pake anachotsa anyamata awiri amene ankawaphunzitsa ntchito. Aliyense wodutsa ku Kalingalinga kapena ku Garden miyezi imeneyo anaona amisiri atakhala pa zitsulo zawo manja ali m'masaya. Ometa tsitsi, amayi a masaluni, eni zigayo, ogulitsa nsomba zaziwisi, osoka zovala ndi makina a magetsi, onsewo analipira mtengo wa kusintha kwa nyengo ndi ndalama zenizeni zotuluka m'thumba, tsiku lomwelo, popanda wowauza kuti adikire zaka khumi. Kuluza kwathu kumabwera pompopompo, koma chithandizo chokha ndiye chimalembedwa kuti chidzafika mu 2035.

Bambo wa suti uja anatchulanso monyadira thumba la ndalama zopepesera mayiko amene awonongekeredwa zinthu chifukwa cha nyengo. N'zoona kuti thumba limeneli analivomereza ku Sharm el-Sheikh mu 2022, ndipo ndimalemekeza nthumwi zathu chifukwa panthawiyo dziko la Zambia ndi limene linkatsogolera gulu la okambirana a mayiko a mu Africa, ndipo sanagone tulo pomenyera nkhaniyi. Koma tiyeni tiwerenge limodzi. Ku Dubai mu 2023, pamene thumbali linatsegulidwa, mayiko olemera onse pamodzi analonjeza kuponyamo madola pafupifupi 700 miliyoni. Patangopita miyezi yochepa boma lathu linanena kuti likufunika K23.5 biliyoni kuti lithane ndi chilala chimodzi chokhacho, zimene panthawiyo zinali madola opitirira 900 miliyoni. Ndiye kuti thumba la dziko lonse lapansi, loti agawane a ku Malawi amene anakokoledwa ndi namondwe Freddy, a ku Mozambique, a ku Pakistan ndi a m'zilumba zimene zikumira, silikanakwanira ngakhale kulipira chilala cha Zambia yekha cha chaka chimodzi. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo pepani ameneyu ngwamng'ono moti n'kuchita manyazi kumutchula pagulu.

Pofuna kuti wina asadzanene kuti ndimangolira osayesa, Lachisanu m'mawa ndinatenga mapepala anga kupita ku banki ina imene imalengeza kuti ili ndi ngongole zothandiza chilengedwe. Mtsikana amene anandilandira anali waulemu, ndipo sindikumuimba mlandu chifukwa ankangowerenga zimene anamulembera. Anati, "Amayi, tifunika mabuku anu a ndalama a zaka zitatu ounikidwa ndi akatswiri, mapepala aumwini a nyumba monga chikole, komanso muyambe mwaikapo gawo lanu." Atanditchulira chiwongoladzanja ndinaona kuti sichikusiyana kwenikweni ndi cha ngongole ina iliyonse, chopitirira 25 peresenti pachaka. Shopu yanga ndi ya lendi, ndipo mabuku anga a ndalama ndi kope la ana a sukulu limene ndimalembamo ndi bolopeni madzulo aliwonse. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa tanthauzo la liwu lija lakuti bankable. Limatanthauza kuti ukhale ndi ndalama kale kuti upatsidwe ndalama. Limatanthauza kuti munthu amene anataya theka la ng'ombe chifukwa cha chilala ayambe wasonyeza kuti sanatayepo kanthu. Ndipo amene walephera mayeso amenewa amathera kwa anthu a kaloba, amene safunsa mabuku koma amadzanyamula firiji yomweyo mwezi ukatha.

Chimene chikundipsetsa mtima kwambiri n'chakuti amatitembenuzira mlandu. Utsi umene watenthetsa dzikoli sunachokere ku Mtendere, pakuti Africa yense amatulutsa wosakwana 4 peresenti ya mpweya woipawu. Dziko la America, limene latulutsa utsi wambiri kuposa lina lililonse m'mbiri, linayamba kutuluka m'pangano la ku Paris lolimbana ndi kusintha kwa nyengo kachiwiri mu January 2025, Donald Trump atangolumbira. Amene anayatsa moto achoka pabwalo, amene atsala akulonjeza za 2035, ndipo wolakwa wapezeka kuti ndi mayi wogulitsa nyama amene sadziwa kulemba pulojekiti. Ngakhale dziko lathu lenilenilo, limene linalephera kulipira ngongole zake zakunja mu November 2020 n'kutha zaka likukambirana ndi okongoza, akuliuza kuti likongolenso kuti likonze zimene silinawononge. Munthu wakugwetsera khoma, kenako akukubwereka njerwa pa chiwongoladzanja, ndipo akufuna umuthokoze pa maikolofoni.

Chodabwitsa n'chakuti malamulo okha sachedwa panjira. Mayiko a ku Ulaya anakhazikitsa njira yawoyawo yolipiritsa katundu wolowa kwawo molingana ndi utsi umene unatuluka pomupanga, ndipo anayamba kufunsa malipoti mu October 2023 pa simenti, zitsulo, aluminiyamu ndi feteleza. Mkuwa wathu suli pamndandandawo, koma anzathu a ku Mozambique ndi ku South Africa nkhaniyi yawakhudza kale, ndipo mzimu wake wafika mpaka kuno. Mlamu wanga amene amaperekera ndiwo zamasamba ku sitolo ina yaikulu anabwera kunyumba ndi fomu ya masamba angapo yomufunsa kuchuluka kwa madzi, mafuta ndi magetsi amene amagwiritsa ntchito, komanso ndondomeko yake yochepetsera utsi. Munthuyo ali ndi pampu imodzi ya petulo ndi galimoto yakale imene timachita kukankha m'mawa. Fomu inamupeza pakhomo popanda iye kuifunafuna, koma ndalama yoti agulire pampu ya sola ndiye akuti aifunefune yekha, alembe ndi pulojekiti. Ngati dzanja lawo ndi lalitali moti likhoza kufikitsa fomu m'munda wa rape ku Chongwe, lalephera bwanji kufikitsa ndalama pamalo omwewo?

Sindikukana kuti zina zikuchitika. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Chisamba, a mamegawati 100, anatsegulidwa mu 2025, ndipo ndi chinthu chabwino. Makampani akuluakulu amene ali ndi maloya ndi akatswiri olemba zikalata akupeza ndithu gawo lawo, ndipo sindiwachitira nsanje. Koma ndikafunsidwa chimene chathandizako munthu wamba pa nkhani ya sola, ndinganene kuti ndi kuchotsedwa kwa misonkho pa mapanelo ndi mabatire kumene boma lathu linachita, chifukwa mtengo wake unatsika m'masitolo a ku Kamwala ndipo tinauona ndi maso. Chimenecho chinachitika kuno, ndi cholembera cha kuno. Mapanelo amene mukuwaona pa madenga a mashopu m'makomboni athu anagulidwa ndi ndalama za chilimba, ndi ndalama zotumizidwa ndi ana a kunja, ndi mbuzi zimene anthu anagulitsa kumudzi. Palibe ngakhale limodzi mwa amene ndikuwadziwa limene linagulidwa ndi ndalama ya ku Baku. Choncho wina akamaimirira mu hotela n'kumati misonkhano yatitsegulira mwayi, ayambe wandionetsa wowotcherera mmodzi, wometa mmodzi kapena mwini chigayo mmodzi amene analandira, ndipo ndidzapita ndekha kukamugwira chanza.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anatipatsa timabuku tonyezimira tokhala ndi zithunzi za amayi akumwetulira pafupi ndi mapanelo, anatijambula tili pamzere, ndipo sindikukayika kuti chithunzi chimenecho chidzalowa mu lipoti lonena kuti amalonda ang'onoang'ono aphunzitsidwa. Ndalama ya nyengo imene ine ndinaiona ndi maso tsiku limenelo ndi imene inalipira holo, tiyi ndi bambo wa suti, kuphatikizapo yanga imene ndinasiya pakhomo.

Ndipo asanatseke msonkhano, mayi wina wa pa tebulo lapamwamba anatenga maikolofoni n'kuyamba kudzudzula ogulitsa makala kuti ndi amene akumaliza nkhalango za dziko lino, natiuza kuti tsogolo lili mu malonda a kaboni amene malamulo ake anamalizidwa ku Baku komweko, malonda oti anthu a m'midzi azilipidwa chifukwa chosiya mitengo ili chilili. Mitengo ikuthadi, ndimaona ndikamapita kwathu pa msewu wa Great East. Koma m'miyezi ija ya mdima, kodi Lusaka yense ankaphikira chiyani? Mayi amene ankadzudzulayo, nsima ya kunyumba kwake inkapsa ndi chiyani magetsi atathima maola 21? Amayi a makala a pakona pathu ndi amene anadyetsa komboni yonse, mbaula zili ngwee pakhomo lililonse, thumba la makala litakwera mtengo moti tinkagula tochepa m'timapepala ta pulasitiki. Lero akuuzidwa kuti asiye ntchito yawo, ndipo nditafunsa kuti gasi ndi chitofu chake awagulira ndani, wotsogolera mwambo anayang'ana wotchi n'kunena kuti nthawi ya mafunso yatha, tipite tikadye.