Malume alowa m'nyanja ya ku Tokyo

Malume, msodzi wa ku Nkhotakota, apita ku Tokyo kukaona mphwawo, mwana wa mlongo wawo, akulandira digiri. M'mawa mwake mnyamata awatengera ku Toyosu.

MALUME: Toyosu si kuja unati kuli msika waukulu wa nsomba?

MPHWAWO: Komweko, unasamukira kuno mu 2018 kuchoka ku Tsukiji. Koma ife tikulowa umu, mu teamLab Planets. Ndi chionetsero cha zaluso.

MALUME: Nanga mtsikanayu akulozeranji mapazi anga?

MPHWAWO: Akuti muvule nsapato ndi sokosi, mupinde buluku mpaka m'mawondo.

MALUME: Nsapato ndatenga pangongole kuti Ajapani azione, lero zikagone m'kabati?

(Alowa. Mdima wa ndiweyani.)

MALUME: Hii, nakonso kuno azima? Ndimayesa ndi matenda athu okha.

MPHWAWO: Mdimawu ndi wadala, malume, kuti kuwala kuoneke bwino.

MALUME: Mdima wolipira pakhomo. Kwathu timagawana ulere.

(Afika m'chipinda cha madzi olekeza m'mawondo. Nsomba zamawangamawanga zili yakaliyakali.)

MALUME: Iwe! Khala chete. Usagwedezeke. Tseka uko, ine ndizungulira uku.

MPHWAWO: Malume, anthu akutiyang'ana.

MALUME: Ayang'ane, sadziwa ntchito. Nsomba zonenepa chonchi iwo ali kalikiliki kuzijambula pafoni! Ndagwira! Aaa... iwe, yasanduka maluwa.

MPHWAWO: Ndi mmene anazipangira. Nsombazo ndi kuwala chabe, kompyuta ikuzijambula pompano. Ikagunda munthu imamwazika n'kukhala maluwa. Si filimu yobwereza ayi, zimene mwaonazi sizidzaonekanso chimodzimodzi.

MALUME: Kwathu munthu wosandutsa nsomba maluwa timamutengera kwa amfumu.

MPHWAWO: Kuno amamulipira. Gulu la teamLab lopanga zimenezi linayamba mu 2001, muli ojambula, akatswiri a masamu ndi a makompyuta. Ku Singapore ali ndi chionetsero china ku ArtScience Museum kuyambira 2016. Mwana amajambula nsomba papepala, makina n'kuiwerenga, kenako imayamba kusambira pakhoma.

MALUME: Ikakula amadya ndani?

MPHWAWO: Sidyedwa.

MALUME: Ndiye zaluso zanuzi zonse n'zogonetsa ndi njala?

MPHWAWO: Osati zonse. Alipo wina wa ku Thailand, Rirkrit Tiravanija. Mu 1992 ku New York anaphika mpunga ndi ndiwo za curry m'nyumba ya chionetsero, aliyense wolowa n'kumadya ulere. Lusolo linali lomwelo, anthu kudyera pamodzi.

MALUME: Kuphika mpunga? Basi?

MPHWAWO: Basi. Dzina lake linamveka dziko lonse.

MALUME: Mayi ako aphikira maliro onse a m'mudzi mwathu, mpunga wa kilombero weniweni, koma ngakhale boma la Nkhotakota siliwadziwa. Nanga iwe, podziwa kuti kuli wa mpunga, wanditengeranji kwa wa maluwa?

MPHWAWO: Tiyeni tituluke, akupatsani thaulo mupukute miyendo.

MALUME: Tiye, koma usathamange, angatizindikire. Pamene umalongolola za Singapore zija ndakokerako ziwiri m'thumba la jekete.

MPHWAWO: Malume! Tapisanimo. Zilimo?

MALUME: (apisa, akhala chete) Iwe, pasipoti ikanyowa amalola kukwera ndege?