Nkhanu ya ku Cape Town yandikumbutsa zimene tikusowa kwathu

Loweruka lapitali ndinapita ndi mwana wanga wa zaka 7 ku Two Oceans Aquarium, nyumba yosungiramo zamoyo za m'nyanja imene inatsegulidwa mu 1995 ku Cape Town, ndipo mpaka lero mtima ukundiwawa ndikaganiza za kwathu. M'nyumbamo muli kadziwe kosaya komwe ana amaloledwa kupisamo dzanja n'kukhudza zomera za m'nyanja ndi tizilombo tooneka ngati nyenyezi.

Mwanayo ataona chigoba cha nkhanu chili phee, anakuwa kuti, "Ababa, yafa!" Mayi wina wothandiza alendo anamuika chigobacho m'manja, n'kumuuza kuti nkhanuyo sinafe koma yafundula. Anafotokoza kuti chigoba sichikula, choncho nkhanu ikathinidwa imamwa madzi ambiri n'kufufuma mpaka chigobacho chimang'ambika kumbuyo, kenako imasololoka chobwerera, n'kusiya chigoba chathunthu, chokhala ndi miyendo, zala zopanira, ngakhale timakungu ta maso. Chigoba chatsopano chimakhala chofewa kwa masiku angapo, ndipo n'chifukwa chake nkhanu yongofundula kumene imabisala pansi pa miyala ndipo siyenera kugwidwa. Ngati inaduka mwendo, umayamba kumeranso pa nthawi yomweyi.

Ine ndinakulira ku Monkey Bay, ndipo zigoba zoterezi tinkazitola m'miyala n'kumati nkhanu zafa. Palibe anatiuza zoona zake, ngakhale kusukulu, kumene tinkajambula nsomba pa bolodi nyanja ili pakhomo. Nyanja yathu ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yozunguliridwa ndi mtunda, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika paki ya ku Cape Maclear m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Mbuna zathu, nsomba zing'onozing'ono zokongola za m'miyala, zimakwera ndege kukakongoletsa nyumba za ku Ulaya, koma mwana wa ku Lilongwe amadziwa usipa wouma ndi chambo cha m'mbale basi.

Ndivomere kuti a ku South Africa amalipiritsa ndalama zambiri pakhomo, moti ana ambiri a m'makomboni sanalowemo, pamene mwana wa msodzi ku Chembe amavundukula mwala n'kugwira nkhanu yamoyo popanda kulipira. Asodzi athu nawonso amadziwa khalidwe la nsomba kuposa mabuku. Anzathu a ku Mozambique ali ndi nkhanu zazikulu, koma zimene ndinaziona ku Beira zinali pamsika, zomangidwa miyendo.

Komabe chimene chikundiwawa n'chakuti anthu a ku Cape Town anatenga chigoba chopanda ntchito n'kuchisandutsa phunziro, pamene ife nyanja yonse tangoikhalira. Mwana wanga wandipempha kuti tikapita kumudzi mu Disembala ndikamuonetse nkhanu ya kwathu ikufundula, ndipo ndamulonjeza kuti tikafunafuna limodzi m'miyala momwe ndinkasewera.