Malo a makolo opanda pepala: nkhani ya a MacDonald a ku Keppoch yandizunguza mutu

Abale anga, mwezi wathawu mnzanga wa kuntchito ananditenga pa galimoto yake kuchoka ku Fort William kulowera ku Inverness ku Scotland, msewu uja wa A82, ndiye titafika m'mbali mwa nyanja ya Loch Oich anangoima nkuti tsika uone ichi. Ine ndimayesa tikugula tiyi. Ayi ndithu, chipilala. Pamwamba pake anasemapo mitu ya anthu 7 ndi dzanja logwira mpeni, pansi pake pali kachitsime, ndipo mawu ake analemba m'zilankhulo zinayi kuti aliyense wodutsa amve. Thupi linachita tsembwe. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza za banja lomwe linabweretsa mitu imeneyi, a MacDonald a ku Keppoch, ndipo ndili ndi maganizo anga omwe mwina ena sakondwa nawo.

Munthu wotchuka kwambiri m'banjali ndi Alexander MacDonald wa ku Keppoch, mfumu ya fukolo yomwe inafera pa nkhondo ya Culloden, yolimbana ndi asilikali a boma la Britain, pa 16 Epulo 1746. Ukawerenga za iye amamutchula ngati mwini malo, mwini zigwa za Glen Roy ndi Glen Spean ku Lochaber. Koma nkhani yake ndi yoti bambo ameneyu pepala la malowo analibe. Bambo ake analibe, agogo ake analibe. Pepala linali ndi banja lina, a Mackintosh, kuyambira m'zaka za m'ma 1440.

Zinayamba chonchi. A Keppoch ndi mbumba ya Alasdair Carrach, mwana wa John wa ku Islay yemwe ankalamulira zilumba za kumadzulo, ndipo mayi ake anali mwana wa mfumu Robert II, ndiye magazi achifumu enieni. Koma Alasdair analowa nawo m'zoukira mfumu ya Scotland, malo nkulembedwa m'dzina la ena. Iwo sanasamuke. Anangokhala phee, kumalima, kuweta ng'ombe, kuika maliro awo pomwepo, zaka zoposa 200, a Mackintosh akabwera ndi pepala kudzafuna lendi iwo nkumawaonetsa lupanga. Mpaka lero anthu amawatama kuti ankasunga malo ndi lupanga osati ndi chikopa cha nkhosa, poti mapepala a nthawi imeneyo ankalembedwa pa chikopa.

Poyamba nditamva zimenezi ndinawaombera m'manja, sindinama. Aliyense amene anaonapo munthu wa mtauni akutsika galimoto kumudzi ndi fayilo m'khwapa nkumaloza munda womwe agogo ako anaswa mphanje, akudziwa chomwe ndinamva mumtima. Kwathu zinatichitikira, dimba lonse la kumtsinje linapita choncho, amalume anayenda mpaka nsapato kutha koma mwini fayilo ndi amene anawina. Ndiye ndikamva za anthu oti anakana kwa zaka 200 ndimati eya, amuna ndi amenewa.

Koma nditapitiriza kuwerenga manja aja anayamba kuzizira.

Mitu 7 ija si ya a Mackintosh ayi, ndi ya anthu a fuko lomwelo. Mu 1663 mfumu yachinyamata ya ku Keppoch, nayonso dzina lake Alexander, inaphedwa limodzi ndi mbale wake Ranald, ndipo owapha anali anthu awo omwe. Mudzi wonse unangoti zii, kupatula mlakatuli wina, Iain Lom, yemwe anavutika zaka ziwiri kupempha akuluakulu kuti achitepo kanthu mpaka Sir James MacDonald wa ku Sleat anatumiza anthu, nkukapha amuna 7 ku Inverlair mu 1665. Mitu anaidula, nkuitsuka pa chitsime chija asanakaionetse kwa mfumu ya ku Glengarry. Chipilalacho anachimanga mochedwa, mu 1812. Ndipo ufumu unapita kwa bambo aang'ono a anyamata ophedwawo, munthu yemwe ambiri ankamukayikira kuti nkhaniyi ankaidziwa. Alexander wa ku Culloden uja anachokera ku mzere umenewu. Mukuona eti? Malo osungidwa ndi lupanga, lupanga lomwelo silisankha, tsiku lina limalowa m'nyumba.

Kenako pakubwera Coll, bambo ake a Alexander, amene ankamutcha Coll wa Ng'ombe chifukwa ng'ombe ngakhale uzibise kuphiri iye ankazipeza basi. Munthu wopita kusukulu, anaphunzira ku St Andrews, osati mbuli ayi. Mu Ogasiti 1688 Mackintosh anabwera ndi anthu ake komanso asilikali a boma kudzamuchotsa, anakumana pa phiri la Mulroy pafupi ndi Roy Bridge, a Keppoch nkuwina. Ambiri amati imeneyi ndiyo nkhondo yomaliza ya mafuko okhaokha ku Scotland. Koma pa nkhondoyo panafa kapitawo wa boma, Mackenzie wa ku Suddie, ndiye boma linatumiza asilikali kudzatentha nyumba ndi mbewu. Tandiuzani, nyumba zomwe zinapsa zinali za ndani? Za anthu wamba, amayi ndi ana omwe sanafunsidwe nkomwe. Chaka chotsatira Coll yemweyo anakaopseza tauni ya Inverness mpaka anamupatsa ndalama kuti achoke. Ndipo mapeto ake, atalimbana choncho, anadzagwirizana ndi Mackintosh zokhala pa malowo ngati wa lendi. Kkkk magazi onse aja.

Tsopano Alexander mwini wake. Anaphunzira ku Glasgow, anagwirapo usilikali ku France, ndiye dziko ankalidziwa. Charles Edward Stuart atafika mu 1745 kudzafuna mpando wachifumu wa Britain womwe unali wa makolo ake, a Keppoch anali m'gulu la oyamba kudzuka, ndipo mfuti zoyamba za nkhondo yonseyo zinalira pa Highbridge pa 16 Ogasiti, anyamata ochepa a ku Keppoch atazunguza asilikali a boma. Gulu la Charles linayenda mpaka ku Derby ku England, nkubwerera, nkudzathera pa dambo la Culloden ali ndi njala komanso tulo poti usiku wonse anali pa ulendo wofuna kudzidzimutsa adani womwe unalephereka. Nkhondo yake sinathe ndi ola lomwe. A MacDonald anawaika kumanzere kwa mzere wa nkhondo, ndipo pali nthano yoti ananyanyala chifukwa mwambo wawo unali woima kumanja, nkuti Alexander anathamanga yekha akudandaula kuti ana ake amutaya. Ine nthano imeneyi sindiikhulupirira kwenikweni. Ndinaimapo pa dambolo, mbali imeneyo ndi lowe, phazi limamira, ndipo iwo anali ndi mtunda wautali kuposa anzawo kuti akafike pa adani, zipolopolo zikuwagwera ngati matalala. Munthu wanjala m'matope sathamanga. Alexander anawomberedwa nkufa, mbale wake Donald anafanso tsiku lomwelo, kenako asilikali anapita kukatentha nyumba yake, mkazi wake nkuthawa ndi ana.

Apa ndiye pali chomwe chimandipweteka. A Mackintosh nawonso anali pa Culloden, mbali yomweyo ya Charles, ndipo anafa ambiri zedi. Amene anawasonkhanitsa ndi Lady Anne, mkazi wa mfumu yawo. Nanga mwamuna wake? Anali kapitawo mu gulu la asilikali a boma. Banja limodzi, phazi lina uku lina uku. Nkhondo itatha malo a Mackintosh sanalandidwe, pepala lili m'bokosi bwinobwino, ndipo a Keppoch anapitiriza kukhala pa nthaka ya makolo awo mwa chifundo cha eni pepala. Mwana wa Alexander, Ranald, anadzavala yunifolomu ya boma lomwe linapha bambo ake, nkukamenya nkhondo ku Quebec ku Canada mu 1759. Ena amati ndi kusakhulupirika, ine ndimati mwanayo ndi amene anawerenga bwino nyengo kuposa makolo ake onse.

Ndiye maganizo anga ndi akuti Alexander anali wolimba mtima, zimenezo sindikutsutsa, koma kulimba mtima kwa banja limeneli kunkalipiridwa ndi anthu ena, ndipo sikunasiyire anthuwo ngakhale ndime imodzi yoti nkunena kuti iyi ndi yathu. Patapita zaka zigwa zija zinadzaza nkhosa, anthu nkumwazikana, ena ku Nova Scotia ku Canada, ena ku Australia. Mary MacKillop, woyera woyamba wa mpingo wa Katolika wa ku Australia, makolo ake anachokera ku Lochaber komweko.

Pa Culloden pali miyala yomwe anaika mu 1881, mwala umodzi fuko lonse, pansi pake dzenje la anthu ambirimbiri. Mfumu timaidziwa mpaka agogo a agogo ake, koma oweta ng'ombe aja dzina ndi la fuko basi. David Livingstone, yemwe dzina la kwawo tinapatsa mzinda wathu wa Blantyre, analemba kuti bambo a agogo ake aamuna anafera pa dambo lomweli. Ndinazungulira miyala yonse mphepo ikundimenya kumaso, dzina lawo silinalipo.