Za ma ejensi a mamodelo kuno kunja, mtima wanga ukuwawa

Abale anga ndakhala sabata yonse ndikuzisunga mumtima koma lero ayi, ndilankhule basi. Chibwerereni kuno kunja aliyense amangoti asisi ndinu wamtali bwanji osayesa zaumodelo, m'basi andiuza, kuntchito komwe ndimakolopa andiuza, mpaka ndinayamba kuziganizira mofatsa. Ndipo sikuti ndimangolota ayi, ndine wa masentimita 176 ndipo ma ejensi ambiri a fashoni, makampani opezera mamodelo ntchito, amafuna mtsikana woyambira cha m'ma 173 kukafika 180, anyamata cha m'ma 183 kupita m'mwamba. Ndiye ndinati ndiyese.

Ndinayambira ku ma ejensi enieni, aja ali ndi fomu pa webusaiti yawo. Amafuna zithunzi zomwe amati ma digitals, wopanda mekapu, wopanda fyuta, tsitsi utamangira kumbuyo, jinzi yothina ndi kamalaya kakuda, uime pakhoma loyera masana, china cha nkhope china cha chammbali china thupi lonse, kenako ulembe miyezo ya chifuwa, m'chiuno ndi mahipi. Mnzanga yemwe timagona chipinda chimodzi ndi amene anandijambula ndi foni yake. Ndinatumiza malo 9. Asanu ndi awiri kuli zii mpaka lero, zimenezo sindidandaula chifukwa amalemberatu kuti ukapanda kumva kanthu ndiye kuti sanakutenge. Ena anayankha kuti tili naye kale mtsikana wooneka ngati inu. Ndinakatsegula peji yawo, atsikana achizungu mbwee ofanana ngati a mimba imodzi, wakuda mmodzi yekha, ndiye mmodziyo watitsekera malo tonsefe? Zinandipweteka kwambiri zimenezi.

Otsalawo anandiitana. Anandiyeza ndi tepi, ndinayenda uku ndi uko atandiyang'anitsitsa, mayi wa pa ejensipo akugwedeza mutu kuti eya, kenako funso lija lomwe mlendo aliyense amalidziwa, pepala lanu limakulolani ntchito yanji? Pemiti yanga yogwirira ntchito inamangidwa kwa bwana mmodzi, pomwe m'maiko ambiri modelo amawerengedwa ngati munthu wodzilemba yekha ntchito. Anandiuza mwaulemu kuti mudzabwere mapepala akadzasintha. Ndinalira m'sitima njira yonse, komabe anthu amenewo sanandibere kanthu, ananena zoona.

Amene anandipweteka ndi ena. Patatha masabata awiri ndinalandira meseji pa Instagram, munthu akuti ndine sikauti, wofunafuna mamodelo atsopano, taona zithunzi zanu, nkhope ngati yanu ndi imene tikuisaka. Ofesi anali nayo ndithu, zithunzi zikuluzikulu pakhoma, tiyi anandipatsa. Nditatchula za pemiti anangoti aaa zimenezo timakonza tokha musade nkhawa. Anandifotokozera za modelo wotchuka Alek Wek, kuti nayenso anali mlendo wothawa nkhondo ku Sudan, anamupeza ku London mu 1995 ndipo pofika 1997 anali pachikuto cha magazini ya Elle. Nkhaniyo ndi yoona abale, ndinakaifufuza, ndipo n'chimene chikundiwawa kwambiri, kutenga nkhani yoona ya mtsikana wa ku Africa n'kuisandutsa nyambo yokolera ife. Anati chaka chamawa mukhala mukuyenda ku Milan ndi ku Paris, chongofunika mulipire portfolio (buku la zithunzi zanu) kwa wojambula wathu, comp card (kakhadi ka zithunzi ndi miyezo yanu), malo pa webusaiti, ndi maphunziro a kayendedwe, ndipo musaine lero lomwe chifukwa malo atsala awiri okha. Nditapempha kuti kontirakiti ndipite nayo kunyumba ndikawerenge anakana, akuti sichituluka muofesi. Ndinasaina. Ndinapereka ndalama yomwe ndinasunga miyezi iwiri yathunthu, ndalama yoti nditumize kwa amayi.

Miyezi inayi yapita, kasitingi (kuitanidwa kuti kasitomala akakuone ngati angakupatse ntchito) ngakhale imodzi ayi. Ukaimba foni akuti nyengo sinafike. Mwezi watha anayamba zina, akuti kasitomala wina akufuna zithunzi mutavala zamkati zokha, mutumize pa WhatsApp usiku uno. Apo ndinakana, ndipo m'mawa mwake ndinapita kukaitanitsa ndalama yanga. Mukudziwa chimene anandiyankha? Anandiyang'ana n'kunena kuti ngati mukufuna zakupolisi tiyeni, koma kaya mapepala anu ali bwanji, si munasaina kuti mugwira ntchito yomwe pemiti yanu sikulolani? Munthu yemwe uja ankati musade nkhawa. Ndinangoti kakasi, miyendo kunjenjemera, ndinatuluka osanena kanthu. Akulu anati kwa eni kulibe mkuwe, tsiku limenelo ndinaziona ndi maso, munthu wakubera masanasana koma wamantha ndiwe.

Zoona zake ndazidziwa mochedwa, kwa mayi wina wa ku West Africa yemwe wakhala m'ntchitoyi zaka zambiri, tinakumana kokonzetsa tsitsi, ndinamufotokozera ndikulira. Anati mwana wanga ejensi yeniyeni imadya iwe ukadya, imakupezera ntchito kenako imadulapo gawo lake, nthawi zambiri 20 peresenti, ndiye yokupempha ndalama usanagwire ntchito ndiye kuti kasitomala wake ndiwe. Ku UK lamulo linaletsa kale mu 2010 kuti ejensi izilipiritsa mamodelo a fashoni ndi a zithunzi isanawapezere ntchito, ku New York nako lamulo la Fashion Workers Act linayamba kugwira ntchito mu June 2025, limaletsa ndalama yosainira ndipo ejensi singadule kuposa 20 peresenti. Ndiye kuti ukathyali umenewu ndi wodziwika mpaka maboma anaupangira malamulo, koma ife obwera ndani amatiuza? Anandichenjezanso kuti ngakhale ku ejensi yeniyeni usaone ngati zaulere, tikiti ya ndege, nyumba yomwe amakuunjikani atsikana ambirimbiri, makadi aja, zonse amakulembera ngongole n'kumadula pa malipiro ako, malipirowo nawo amatha miyezi itatu asanafike, ndiye pali atsikana ali m'magazini koma ali m'ngongole mpaka m'khosi.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti tsiku lomwe ndinapita kukaitanitsa ndalama pabenchi panali atsikana ena atatu, onse obwera ngati ine, mafomu ali m'manja, maso akuwala. Amasankha dala ife chifukwa akudziwa kuti sitikasuma. Awiri ndinawapeza pa Instagram, mmodzi anali atalipira kale.

Amayi anaimba dzulo kufunsa za ndalama ija, ndinangoti ichedwa pang'ono, sindinathe kuwauza. Malisiti onse ndawasonkhanitsa, ma meseji ndajambula onse kuphatikizapo uja wa zamkati, ndipo Lolemba ine ndi mtsikana analipira uja tikupita ku ofesi yothandiza alendo pa zamalamulo kuti atiuze kaye za pemiti yanga tisanakadandaule. Mantha ndili nawo, sindinama, koma ndikupita.