Mkango woyenda wokha ndi wotsala pang'ono kufa

Abale ndalephera kuugwira mtima, ndilembe basi. Dzulo kwathu kuno ku Tsangano tinakhala pansi ngati banja, nkhani yake ya feteleza ndi mbewu ya mbatatesi, kuti ana anayi a mlongo wanga asonkhe alime munda wa amayi awo pamodzi poti amayiwo miyendo yawakana. Atatu anabwera, anakhala pa mkeka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Wachinayi, amene ali ndi njinga yamoto ya kabaza pa Turn-off, amene tonse tikudziwa kuti ndi amene amagwira kandalama tsiku ndi tsiku, sanabwere, foni osayankha. Madzulo mwana wanga akundionetsa sitetasi ya wachinayiyo pa WhatsApp, chithunzi cha mkango wa manyenje akuda bii, pansi walemba kuti mkango umayenda wokha, zoyenda pa chigulu ndi nkhosa.

Iwe mphwanga, mkango wake uti? Unauona kuti? Ndakwiya chifukwa wanyoza abale ako kuti ndi nkhosa, komanso ndakwiya chifukwa wanamizira nyama imene sukuidziwa n'komwe. Mkango wamphongo suyenda wokha mwa kufuna kwake. Ukauona ukukhala wokha, kawirikawiri ndiye kuti abale ake anafa, kapena wathamangitsidwa, ndipo masiku ake ndi owerengeka.

Mkango wamphongo ukafika zaka ziwiri kapena zitatu amaupirikitsa pa banja pomwe unabadwira. Suchoka wokha ayi, umachoka ndi abale ake ndi asuweni amsinkhu wake, n'kumayendayenda m'malire mwa madera a eni ake, kudya zotsala, kubisala, kudikira kuti manyenje amere ndi mphamvu zikwane. Umene ulibe m'bale umakasaka mnzake wachilendo, wosadziwana naye, n'kugwirizana naye chifukwa paokha n'kovuta kulanda dera. Akatswiri amene akhala akutsatira mikango ya ku Serengeti ku Tanzania kwa zaka zambiri, monga a Craig Packer, anapeza zomwezi, kuti amphongo akachuluka pa gulu lawo ndi pomwe amasunga akazi ndi dera nthawi yaitali ndi kusiya ana ambiri, pomwe wokha kawirikawiri sapeza n'komwe banja loti alamulire. Ndipo ngakhale ali pagulu ufumuwo nthawi zambiri ndi wa zaka ziwiri kapena kupitirira pang'ono basi, kenako kwabwera anyamata ena, ndipo obwerawo choyamba amapha tiana tonse toyamwa kuti akazi aja alole msanga kubereka awo. Ndiye tangoganiza, wokha ungateteze ana ako bwanji pamene adani abwera anayi, wina akukugwira kutsogolo wina akukuluma msana?

Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Makolo athu sanaphunzire ku yunivesite koma anaona.

Iwe umakonda mavidiyo a mikango, bandulo imathera pomwepo, ndiye ufufuze za Mapogo, amphongo 6 a ku Sabi Sand ku South Africa. Kuyambira 2006 dera lonselo linali m'manja mwawo, mikango ina ikangomva kubangula kwawo inkasamuka. Chinawapatsa ufumu ndi chiyani? Kuchuluka kwawo, palibenso china. Atagawikana, awiri, Mr T ndi Kinky Tail, anapita kukalamulira mbali yawo paokha. Mu 2010 kunabwera anyamata otchedwa Majingilane, anamugwira Kinky Tail namukhadzula usiku umodzi, Mr T anayesa kumulanditsa koma anachepa. Ndiye ukudziwa anathawira kuti? Kwa abale ake omwe anawasiya aja. Mkango woopsa chotero, umene anthu amauika pa masitetasi ngati iweyo, zitavuta unabwerera kwa abale ake mchira uli pansi ndipo anaulandira. Unakhalanso ndi moyo mpaka 2012 pamene amphongo ena anayi, a Selati, anaupha. Anayi, osati mmodzi. Paliponse mu nkhani imeneyi opambana ndi amene ali pagulu, ndiye zoyenda wekhazo wazitenga kuti iwe?

Ngakhale Cecil wa ku Hwange ku Zimbabwe, uja anaphedwa ndi mzungu wa ku America mu 2015 dziko lonse n'kuchita phokoso, sanali yekha. Anali ndi mnzake Jericho, osati m'bale wake wa bere limodzi, poyamba anali adani omenyana, koma onse atakula n'kuona kuti paokha atha, anagwirizana n'kusunga akazi ndi ana limodzi. Nyama yakuthengo kugwirizana ndi mdani wake kuti ikhale ndi moyo, iwe ukukana abale ako enieni oyamwa bere limodzi chifukwa cha matumba awiri a feteleza, zoona?

Ndikuuze mmene mkango woyenda wokha umaonekera, poti pa chithunzi chako anakuikira wonenepa wa manyenje osalala. Weniweni nthiti zimawerengeka uli patali. Mano akutsogolo aja anathyoka kapena anaperepeseka, manyenje anathothoka, nkhope yonse zipsera, kumbuyo kukutsimphina chifukwa pomenyana amaluma msana ndi ntchafu. Njati sungaigwirenso, ndiye umayamba kulimbana ndi nungu, minga n'kuubaya kukamwa ndi m'mapazi, mabala n'kuola. Kubangula umasiya, mawu aja amamveka mtunda wa makilomita 8 umawameza, chifukwa ukangobangula eni dera amva pomwe uli abwera kudzaumaliza. Afisi omwe unkawathamangitsa kale amauzungulira n'kumaudikira. Amphongo ambiri m'tchire safika zaka 12, pomwe akazi, amene amakhala pa banja lawo moyo wonse ndi amayi awo ndi azichemwali awo, amatha kufika 15 ndi kupitirira. Mfumu ija imathera pansi pa chitsamba, miimba ili pamwamba.

Loonkito wa ku Amboseli ku Kenya anafika zaka 19, zosachitikachitika. M'bale wake amene ankasunga naye dera anali atafa kale pa nkhondo ya malire. Mu May 2023 nkhalamba ija njala itaipweteka inalowa m'mudzi kufuna ziweto za m'khola, abusa anaibaya ndi mikondo n'kufera pomwepo. Ndi mmene kuyenda wekha kumathera kumeneko, kukafera pa khola la eni ngati wakuba. Scarface wa ku Maasai Mara, wa diso lowonongeka uja, anthu anadabwa kuti anafa imfa yogona mu 2021 ali ndi zaka 14, osaphedwa, poti n'zosowa, koma naye mphamvu zake zonse anazionetsa ali ndi anzake atatu, osati yekha.

Mwina ndi mafoniwa, mwina ndi anzako a pa siteji, kaya, zimenezo ndilibe nazo ntchito. Chomwe ndikunena n'choti wanama. Mkango suyenda wokha. Ngati sukundikhulupirira ine malume ako, sunga ndalama ya masiku atatu upite ku Liwonde, mikango anaibwezeretsako mu 2018, kapena ku Majete komwe inabwerera mu 2012, ukawafunse oyang'anira nyama kuti wamphongo wotsala yekha zimamuthera bwanji. Akakuuza zomwezi.

Njinga imeneyo ukuitama lero, unayamba kuigula ndi ndalama ya ndani? Si achimwene ako aakulu anagulitsa mbuzi ziwiri ndi matumba a kachewere kuti uonjezere? Tsiku unagwa pa msewu wa fumbi uja mvula itagwa, mwendo utatupa ngati mtondo, anakunyamula usiku kupita nawe kuchipatala ndi ndani, anakugonera pansi pa bedi masiku asanu ndi ndani? Nkhosa zomwezo. Lero wachira, thumba lalemera pang'ono, wasanduka mkango. Amayi ako dzulo anakhala pakhonde atafunda chitenje ndi kuzizira kwa kuno, maso ali kunjira, njinga iliyonse ikamveka akuti mwina ndi ameneyo. Ine ndinachita kusowa poyang'ana.

Ndipo si iwe wekha, matendawa afala. Anyamata angati a kuno ali ku Joni, pa Facebook zithunzi za mikango ndi mawu a chizungu onyoza abale kuti ndi anjiru, koma kwawo denga likudontha, agogo awo akutola nkhuni okha ku phiri? Chaka chathunthu osaimba ngakhale foni ya mphindi imodzi. Koma tsiku zikavuta kumeneko, gulu la WhatsApp limatsegulidwa usiku womwewo, tisonkhe abale, thupi libwere kumudzi, ndipo osonkha ndi omwe aja ankatchedwa nkhosa, ogulitsa tomato ndi kabichi pa Lizulu. Mxm.

Loweruka tikumananso pa mkeka womwe uja 9 koloko. Sitetasi ija uchotse usanabwere.