Inu a njinga ndi inu otseka njira, ndimvereni kamodzi kokha

Ndakhala ndikuzisunga mumtima izi kwa nthawi yaitali koma zomwe ndinaona Lachiwiri lapitali sizikundigonetsa tulo, ndiye lero ndilankhula, wokwiya akwiye. Ndimachokera ku chigayo cha m'ma 5 koloko madzulo, chiperoni chitatseka phiri lonse moti ngakhale minda ya tiyi yapafupi pompa simaoneka bwino, kutsogolo kwanga kukutsika mnyamata wa kabaza atanyamula mayi wina wobereka khanda kumbuyo, buku la kusikelo lili m'manja likunyowa. Mnyamatayo njinga yake ilibe mabuleki, ndinaona ndi maso angawa akuponda tayala lakutsogolo ndi patapata kuti achepetse liwiro. Atafika pomwe munthu wina anathira mulu wa mchenga m'mbali mwa msewu anakhotera pakati pa tala, kumbuyo kukubwera lole, hutala paaa, iye mantha nkubwereranso kumanzere, tayala mumchenga tswii, onse atatu m'ngalande. Khandalo Mulungu analisunga, linangolira basi. Koma mayi uja bondo lonse linasupuka, chitenje magazi okhaokha, ndipo chomwe ankafunsa ali gone m'matopemo nchakuti mwana wanga ali bwanji, mwana wanga ali bwanji. Tinamudzutsa ndi amayi ena awiri ogulitsa nanazi. Mnyamata uja anangoima manja m'khosi kumati pepani agogo, pepani amayi. Pepani amalunzanitsa fupa?

Ndiyambe ndi inu anyamata anga a kabaza ndi nonse opalasa njinga, chifukwa ndinu ana athu ndipo ntchito yanu ndimaipatsa ulemu. Kupanda inu amayi oyembekezera ambiri sakanamafika ku chipatala, chimanga sichikanamafika ku chigayo, ana ena sakanamafika ku sukulu nthawi yabwino. Koma njinga yopanda mabuleki ku Mulanje kuno, dziko la zitunda ndi zitsikira ngati lino, mukufuna kutiphera anthu? Timalabala ta mabuleki ndi tinthu tating'ono, pa Chitakale mupeza, pa Limbuli mupeza, pa Luchenza mupeza, mtengo wake sufika ngakhale pa ndalama yomwe ena a inu mumasiya pa kachasu tsiku la msika. Ndipo okonza njinga ali pansi pa mtengo uliwonse, sizitenga ndi theka la ola lomwe. Inu mwasankha patapata. Patapata pa tala yonyowa ndi chiperoni sagwira kanthu ana inu, amangotsetsereka.

Nanga za usikuzi. Munthu wavala jekete yakuda, buluku lakuda, njinga yakuda, kumbuyo kulibe ngakhale kagalasi kofiira konyezimira kaja, kutsogolo kulibe tochi, nkumapalasa mumsewu wa M2, msewu womwe umachoka ku Limbe kudutsa Bvumbwe, Thyolo, Luchenza mpaka pa chipata cha Muloza, momwe mumadutsa malole olemera opita ku Milange ndi obwera kuchokera ku Mozambique. Dalaivala wa lole yodzadza katundu akakuona uli pafupi sangaime pompo ngati ngolo ya ng'ombe, imapitabe ndithu chokwawa mtunda ndithu isanaime. Ndiye akuoneni bwanji mumdima ndi m'nkhungu ngati inuyo simunadzionetse? Tochi yaing'ono ya mabatire kumanga ndi mphira pa handulo, kansalu konyezimira kumbuyo kwa kaliyala, kapena kajekete kobiriwira kowala kaja ena mwa anzanu amavala, basi mwapulumutsa moyo wanu ndi wa munthu mwamunyamula. Ngakhale malaya oyera chabe amathandiza.

Ndipo kuno ku Malawi timayenda kumanzere, njinga nayo ndi chimodzimodzi, imayenda kumanzere motsatana ndi magalimoto, osati kupita chokumana nawo poti kasitomala wanu ali tsidya linalo. Woyenda pansi ndi amene amayenda moyang'anana ndi magalimoto, musasokoneze. Mukafuna kukhota tambasulani dzanja, cheukani kaye, mudikire. Ena mumapalasa atatu atatu mogundana mapewa nkumakamba za mpira wa dzulo, ena mahedifoni m'makutu onse awiri nyimbo ili pamwamba, galimoto kuimba hutala inu osamva, dzanja limodzi pa handulo lina pa foni mukuwerenga za pa WhatsApp. Ndakumana nawo kangapo konse pa mlatho, pamalo popapatiza pomwe palibe kothawira.

Katundu uyu ndiye musanene. Matumba atatu a makala kusanjikiza mpaka wopalasa osaoneka, mitolo ya nzimbe yopingasa ngati mukutseka msewu wonse, malata kuwamanga chopingasa, mikoko ya nthochi mbali zonse. Ndikudziwa ndi umphawi, ndikudziwa mukufuna ulendo umodzi ukwanire, inenso pa unyamata wanga ndinanyamulapo nandolo pa njinga kukagulitsa ndipo thukuta lake ndimalidziwa. Koma katundu wautali mangani chotsata njinga osati chopingasa, ndipo pachitsikira tsikani muzikankha, palibe manyazi pamenepo.

Makolo anzanga, inunso simupulumuka. Mwana wa Sitandade 3 mwamupatsa chinjinga chachikulu cha bambo ake, miyendo yosafika pa mapedulo, akupalasa cholowetsa mwendo pansi pa chitsulo njinga ili chopendekeka, kumbuyo mwamukwezeranso mng'ono wake, nkumutuma ku msika kudzera pa tala. Mukamuona akutuluka pa bwalo mumtima mwanu simugunda? Mwana sadziwa kuyeza liwiro la galimoto, amangoona kuti ili kutali. Muphunzitseni kaye pa bwalo la mpira, muyende naye njirayo kawiri katatu mumuonetse poima ndi powolokera, ndipo ngati pali njira ya m'mudzi yofika ku sukulu osakhudza msewu waukulu adzere imeneyo ngakhale italike.

Tsopano ndifike pomwe pakundiwawa kwambiri, chifukwa mnyamata uja analakwa inde koma sanagwe yekha, anagwetsedwa ndi mulu wa mchenga. Kamalo kam'mbali mwa msewu kaja, kuseri kwa mzere wachikasu, ndiko kokhako komwe wa njinga ndi woyenda pansi angathawire. Ife eni akefe takalanda. Wina akumanga nyumba mchenga ndi njerwa wathira pomwepo miyezi itatu osachotsa. Wina wayanika makaka a chinangwa, wina nandolo, wina mphale, nkutchingira ndi miyala ikuluikulu kuti njinga zisaponde, madzulo waanula miyala waisiya pomwepo kuti usiku ikagwetse mwana wa mnzake. Tsiku la msika ndiye basi, tomato, kaunjika, nanazi, zonse zayalidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa tala, minibasi nayo yaima pomwepo kuitanira, njinga zamoto zafola pomwepo, nanga mayi wopita ndi mwana wodwala ku chipatala pa njinga adutse pati? Mumamukankhira nokha kukamwa kwa lole kenako mukamva phokoso nkumathamanga manja kumutu mayooo mayooo.

Ndipo inu amene mumazula zikwangwani zam'misewu nkukasula mbaula ndi zitseko za makola, dziwani kuti chikwangwani chochenjeza kuti kutsogolo kuli sukulu kapena mlatho wopapatiza chimalankhula ndi dalaivala wachilendo yemwe sadziwa kuti pa gulaye pamenepo pamawoloka ana. Mukachichotsa mwamutseka maso. Ogula mbaula zotero nanunso mukudziwa komwe chitsulo chonyezimira choterocho chachokera, musanamizire.

Madalaivala, makamaka a minibasi ndi a njinga zamoto, sindichulutsa. Wa njinga yakapalasa ndi munthu, si chitsa. Musiyireni mpata pomudutsa, ndipo pa sukulu, pa msika ndi pa chipatala chepetsani moto ngakhale palibe mahampu.

Koma ngakhale tonse titasintha lero, msewu waukulu udzakhalabe woopsa kwa mwana ndi kwa nkhalamba, nchifukwa chake ine mtima wanga uli pa tinjira tam'midzi tija, tomwe makolo athu ankadzera popita ku mishoni, ku dambo ndi ku msika. Tinjira timeneti tikanakhala tosamalika bwenzi anthu ambiri akufika ku chipatala chaching'ono, ku sukulu, ku mjigo, ku tchalitchi kaya ku mzikiti osaponda tala nkomwe. Taonani zomwe tatichita. Chaka ndi chaka aliyense amaonjezera mzere umodzi wa chimanga kulowa m'njira, mnzake wa tsidya linalo nayenso mzere umodzi, pano njira yomwe kale inkadutsa ngolo yatsala ngati kanjira ka mbewa, mahandulo kumakodwa m'mapesi ndi mu nandolo. Ena akulozetsa madzi a m'munda mwawo m'njira mpaka pakumbika chigwembe. Ena akuumba njerwa pambali penipeni nkusiya dzenje lodzadza madzi. Kwathu kuno mvula ndi yambiri, aliyense akudziwa, nthaka yofiirayi ikanyowa imaterera ngati sopo, ndipo chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, yemwe anagumula milatho ndi kukokolola misewu ndi midzi kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, pali timitsinje tina tomwe mpaka pano anthu amawoloka atasenza njinga paphewa. Milatho ikuluikulu ndi ya boma, imeneyo tipitirize kufunsa kudzera kwa makhansala ndi aphungu athu, ndipo tisatope. Koma kuika mitengo inayi ndi matabwa pa kakhwawa, kutsegula ngalande, kuthira miyala pamalo poterera, kusadza tchire lomwe latseka maso pa mphambano, zimenezi mpaka tidikire munthu wochokera ku Lilongwe? Kale mfumu ikangoimba belu kuti mawa kulambula msewu, mudzi wonse umatuluka ndi makasu kusanache. Pano aliyense akuti andilipira zingati.

Kumudzi kwathu kunali njinga ya ambulasi, ija yokoka kangolo kogonekamo wodwala. Inagwira ntchito ndithu, amayi angapo anafika nayo ku chipatala nthawi yabwino. Pano yangokhala kuseri kwa nyumba ya a komiti, ndipo chifukwa chachikulu nchakuti kangoloko sikakwananso m'njira, mbali iyi chimanga mbali iyo chigwembe. Usiku wina chaka chatha tinanyamula mtsikana woyembekezera pa machira a nsungwi mpaka kukafika pa msewu, amuna anayi kusinthana, tochi ya pa foni ili pakamwa, ambulasi yathu ili pomwepo matayala ali bwinobwino. Ndinalira mumtima usiku umenewo ndipo manyazi ake ndikadali nawo, chifukwa njirayo inatsekedwa ndi makasu athu omwe.

A VDC ndi a ADC, inu a makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera, mukamakhala pansi kulemba zitukuko musamangolemba mijigo ndi midadada ya sukulu yokha, lembaninso njira yofikira kumeneko. Pitani mukaone pomwe ana amawolokera m'mawa, mupemphe mahampu ndi mizere yowolokera pamenepo, mukambirane ndi a komiti ya msika kuti malonda abwerere m'mbuyo mapazi angapo. Kumene njira imadutsa m'minda ya tiyi kakambiraneni mwaulemu ndi eni esiteti za nthawi yomwe mathirakitala amatuta tiyi, kuti ana adziwe. Ndipo pa chipatala ndi pa sukulu pakhale pokhazika njinga pooneka, chitsulo chomangirirapo loko, chifukwa ena amaopa kubwera pa njinga poopa kuberedwa ali pamzere.

Ine ndakamba kale ndi a mfumu athu ndipo avomera, Loweruka lino 6 koloko m'mawa tikuyambira pa mjigo kutsika mpaka pa kamlatho, aliyense khasu lake, amene muli ndi wilibala bweretsani, anyamata a kabaza bwerani ndi njinga zanu zomwe tikaziyese mabuleki pomwepo, wokonza njinga wavomera kubwera ndi masipanala ake. Amene mizere yanu yalowa m'njira musadikire kuti tikuzulireni pamaso pa anthu, yambani nokha Lachisanu. Ndipo mwini mchenga uja, mukudzidziwa, mpaka dzulo mchengawo unali pomwepo, chotsani lero lomwe.